Masutikesi Anga Anatsala ku Indianapolis

Ine sindinachedwepo pa ulendo. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa alipo anthu ku Indiana amene mpaka lero amaikamba nkhaniyi mokhotetsa. Ndinagwira ukondakitala m'mabasi akuluakulu a pakati pa Blantyre ndi Lilongwe mpaka mutu unachita imvi, ndipo palibe tsiku limene dalaivala anaimba hutala ine ndisanafike. Katundu ndimamudziwa. Ndakwezapo pakaliyala njinga, makina osokera, matumba a kachewere pa Lizulu, mbuzi yomanga miyendo ikulira, basi itayamba kale kugudubuzika. Munthu akatulukira akuthamanga ndi mtolo pamutu, ndinkamenya bodi ya basi kawiri, phaa phaa, dalaivala n'kuponda buleki. Sindinasiyepo katundu pansi mwini wake ali m'kati. Ndiye mumve zimene anandichita kumeneko.

Mayi a ana anga atamwalira, mwana wanga wamkazi anandiitanitsa ku South Bend kumene amagwira unamwino, kuti mtima ukakhale pansi. Ndinakhalako miyezi isanu, kudya, kugona, kuyang'ana pawindo. Tsiku lobwerera sindinasankhe ine. Abale a malemu anali atapangana kuti chiliza chawo achivundukule Loweruka lina la mu Okutobala, m'mawa, kumudzi kwawo ku Ntcheu. Mauthenga anali atapita kale, chimera cha thobwa atachiyanika. Mwamuna wawo ndine, ndinakhala nawo zaka zoposa makumi anayi. Mwambo umenewo uchitike ine kulibe?

Ndipo sindinkafuna kukafika chimanjamanja. Malemu sankakonda kujambulitsa. Chithunzi chawo chabwino chinali chimodzi chokha, chaching'ono ngati khadi, atavala zoyera za amayi a kutchalitchi, duku loyera mbee, akumwetulira pang'ono ngati akubisa nkhani. Mwana wanga anapita nacho kwa odziwa, anachikulitsa kufika ngati thireyi ya tiyi, n'kuchiika m'felemu ya galasi. Nditachiona ndinakhala pansi. Ndinati ichi chikakhale patsogolo pa mwambo, anthu akawaone mayi amenewa mmene analili, osati mmene matenda anawasiyira. Ndinachikulunga ndekha m'bulangete, ndinachigoneka pakati pa sutikesi yaikulu. Suti yanga yakuda ndinaipinda mu inzake.

Tikiti imene inapezeka inali yokwerera ku Indianapolis, Lachitatu faifi koloko madzulo. Ndege zake zinali zolumikizana, kutsika iyi kukwera iyo, mpaka kukatera ku Lilongwe Lachisanu masana. Mwana wanga anandiuza kuti ukaphonya yoyambayo ndiye kuti zonse zapita, ndipo ya tsiku lotsatira imakafika Loweruka dzuwa litapendeka, anthu atabalalika kumanda. Ndinati basi ndamva. Sikisi koloko m'mawa ndinali nditakhala kale m'galimoto, chipewa kumutu.

Woyendetsa anali akamwini anga, mwamuna wa mwana wangayo, amene amagwira za makompyuta pa yunivesite. Munthu wofatsa, waulemu wochuluka zedi. Miyezi isanu yonse sanandiyang'anepo m'maso, sanakhalepo nane mpando umodzi. Ndinkanyadira nawo ulemu umenewo. Tsiku limenelo unandipweteka.

Msewu wochoka ku South Bend ndi wa minda ya chimanga yokhayokha, chouma, chosakolola, maola atatu osaona munthu ngakhale mmodzi m'munda. Nditafunsa, mwana wanga anati chambiri n'cha nkhumba ndi ng'ombe. Ndinangotembenukira kumbali. Naini koloko tinali titafika pabwalo la ndege, ine patsogolo, masutikesi awiri pambuyo.

Pakauntala panali mayi wachizungu wamagalasi. Anayang'ana pasipoti, anayang'ana tikiti, anayang'ana wotchi, n'kumwetulira mano onse pamtunda. Analankhula ndi mwana wanga.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti tafulumira, adadi. Katundu amayamba kulandira kukatsala maola anayi. Tibwerenso wani koloko."

"Tafulumira? Kufulumira ndi mlandu kuno?"

"Ndi lamulo lawo."

"Muuze aike pakona apo, alembepo dzina ndi choko. Malo ndi awo, opanda kanthu."

Mwana wanga anaseka. "Adadi, pano si pa depoti ya basi ya Wenela."

Ine ndinati chabwino, tikhale pomwepa tidikire. Ndagonapo pa depoti nditatsamira chikwama, maola anayi n'chiyani. Ndikanakhala pa sutikesi yanga ngati mmene ndinanenera, bwenzi nkhaniyi kulibe. Koma mwana wanga anati simungayambe ulendo wautali ndi njala, tili ndi anzathu pafupi pompa cha ku Lafayette Road, mkulu wa mpingo ndi akazi ake, tikamwe tiyi kumeneko tibwerere. Tili m'galimoto analemba pa gulu lawo la pafoni kuti adadi akupita kumudzi lero, tili kwa akulu a mpingo. Mawu ochepa amenewo ndiwo anatipha.

Inu amene simunakhaleko mudziwe izi. Kumeneko munthu wopita kumudzi si munthu, ndi lole. Mbiri ikangomveka, aliyense amakumbukira kuti ali ndi mayi, mlongo, mwana wa achimwene. Ndipo sungakane. Ukakana, dzina lako limafika kumudzi iwe usanafike, kuti madala aja adya za ku Amereka ayamba matama. Tiyi tisanamalize, belu la pachitseko linayamba. Azimayi a yunifolomu za kuchipatala, anyamata a sukulu zaukachenjede, wina atavala jekete ya kufakitale. Aliyense kugwada bwinobwino, kuwomba m'manja.

"Agogo, kanthu kakang'ono chabe."

Kanthu kakang'onoko nsapato mapeyala atatu.

"Madala, aka mungokaika m'thumba la malaya."

Laputopu.

Mafoni, mafuta odzola mabotolo aatali ngati mkono, zidole, majuzi, makamisolo osakulunga n'komwe. Masutikesi anga onse awiri anawatsegula pakati pa balaza ngati mbuzi yosenda, aliyense kulowetsamo dzanja. Akazi a mkulu wa mpingo anabweretsa sikelo ya kubafa. Akamwini anga ankakwerapo atanyamula sutikesi, kutsika, kukweranso opanda kanthu, kuchotsera, n'kunena motsitsa kuti yapitirira. Ikapitirira, chotuluka chinali changa. Majombo anga anatuluka. Wailesi imene anandigulira mwana wanga inatuluka. Kenako mayi wina anagwira bulangete lija.

"Ili ndi lolemera, agogo. Lidzabwera ndi wina Disembala."

"Muli chithunzi mmenemo!"

"Aaa, musadandaule, tichigoneka pansi penipeni, zovala zikhale pamwamba. Chiyenda bwino ngati mwana."

Ndinayang'ana mwana wanga, iye anali kalikiliki kulemba maina pa mapepala ndi kumata. Ndinawasiya. Munthu wamkulu sulimbirana bulangete ndi mkazi wa mwini.

Wani koloko inakwana, inadutsa. Thuu koloko masutikesi anali okonzeka kutseka. Pamenepo foni ya mwana wanga inalira. Anali mtsikana wina wogwira ntchito pachipatala cha m'tauni. Mawu ake ankamveka chipinda chonse.

"Asisi, agogo asapite chonde! Ndangoweruka shifiti, ndili panjira. Ndili ndi mankhwala a mayi anga."

Apa ndivomere, amene ananena kuti tidikire ndine. Mwana wanga anati tiyeni, ine ndinati ayi. Ndinawaona malemu mayi a ana anga akubuula pamphasa ine ndikuzungulira m'mafamase kufuna mankhwala amene kunalibe. Munthu akati mankhwala a mayi, ine miyendo imalemera. Ndinati ndege ndi ya faifi, mtunda ndi waufupi, timudikire.

Hafu pasiti thuu anaimbanso, ndili panjira. Fili koloko, ndatsala pang'ono, ndili pa maloboti. Akamwini anga anatuluka panja, analiza galimoto, anaizimitsa, anabwerera. Anaima pafupi ndi chitseko akuseweretsa makiyi, ngwee ngwee. Ananong'oneza mkazi wawo m'Chingerezi. Nditawayang'ana anagwetsa maso pansi n'kumwetulira.

Mtsikanayo anafika kota pasiti fili, zikhadabo zofiira, fungo la mafuta kudzaza nyumba, jumbo yaikulu m'manja. Anaikhuthula pampando. Mawigi anayi. Meshi mapaketi osawerengeka. Nsapato za gogoda zonyezimira.

"Mankhwala aja ali kuti, mwana iwe?"

Anapisa m'kachikwama kake, anatulutsa kabotolo ka mavitamini, kamene ndinkakaona m'sitolo iliyonse pafupi ndi maswiti.

"Mayi ako akudwala chiyani?"

"Sakudwala kwenikweni, agogo. Amangofooka nthawi zina. Mawigiwa ndi a achemwali anga, ali ndi saluni ku Area 25."

Ola lathunthu ndi kota ndakhala pampando, munthu wa chiliza cha mkazi wake, kudikira tsitsi la anthu akufa. Ndinafuna kumuponyera jumbo yakeyo kumaso. Koma nyumba inali ya eni, anthu ali tcheru. Anazikankhira m'sutikesi yaikulu ija, zipi inakana, anyamata awiri anaigwadira pamwamba ndi maondo mpaka inatseka.

Ndiye munthu angatuluke m'nyumba ya mkulu wa mpingo pa ulendo wotere osapemphera? Tinagwirana manja. Bambo amene uja anapempherera ndege, woyendetsa ndege, mapiko a ndege, mitambo, atsogoleri a maiko onse awiri, mvula ya chaka chimenecho, ana amene akukula osadziwa Chichewa. Atati ameni, onse anayang'ana ine. Wapaulendo amatsazika. Sungadye za anthu, kukugwadira anthu, n'kungotuluka ngati mphaka. Ndinaimirira, ndinathokoza, ndinawalangiza achinyamata za kusunga mabanja ndi kumanga kwawo. Ndinalankhula mwachidule. Mwana wanga amati zinali mphindi makumi awiri. Amanama.

"Adadi, tiyeni."

"Iwe, akulu akamalankhula umadula?"

Panjira tinapeza akukonza msewu, magalimoto ali ndondondo. Akamwini anga, amene sindinawamvepo akukweza mawu, anamenya chiwongolero ndi chikhato. Titafika anatitsitsa pakhomo, ife kukoka masutikesi kuthamangira kukauntala. Wotchi yaikulu ya pakhoma inkati mphindi khumi zapitirira pa folo koloko. Mtima wanga unali m'malo. Mphindi makumi asanu! Pa mphindi makumi asanu ine ndinkadzaza basi yonse, kudula matikiti, kumanga tenti pakaliyala, n'kumwanso tiyi.

Anali mayi yemwe uja wamagalasi. Anatizindikira. Anamwetulira chimodzimodzi ngati m'mawa, osachotsera osawonjezera. Anagogoda makina ake, anapukusa mutu.

Mwana wanga anatembenuka nkhope itagwa. "Akuti atseka. Katundu wa ulendo wakunja amasiya kulandira kukatsala ola limodzi. Tachedwa ndi mphindi khumi."

"M'mawa tafulumira, pano tachedwa. Nanga munthu azibwera liti?"

"Adadi, chepetsani mawu."

"Sindichepetsa! Ndege yanyamuka?"

"Ayi, ilipo."

"Lamba uyo kumbuyo kwakeyo, sakuyenda? Zikwama za anthu ena sizikupita izo? Angotukula aikepo, ngati zamulemera nditukula ndekha!"

Lambayo ankayendadi, ndikumuona ndi maso angawa, zikwama zikulowa pabowo chimodzichimodzi. Mayiyo anati izo ndi za ndege zina, yathu kompyuta yatseka, iye sangachite kanthu. Kompyuta! Munthu wamkulu, wa manja awiri, kuloza bokosi kuti ndilo lakana. Ndinamuuza kuti ine ndinali pomwepa naini koloko ndipo anandibweza ndi iyeyo. Ndinamuuza za chiliza, za zaka makumi anayi, za mbuzi za pa Lizulu. Mawu anga anali odzaza dengu. Mwana wanga atawatembenuza m'Chingerezi anakhala anayi okha, awiri mwa iwo pulizi. Wapolisi wina anayamba kuyandikira pang'onopang'ono, zala m'lamba. Ndipo mayiyo ankangoti sole, sole, akumwetulirabe. Kumwetulira kumeneko ndikakukumbukira ndimasiya kudya. Kuli bwino munthu akukanize atakwinya nkhope, udziwe kuti walimbana ndi munthu.

Anatipatsa njira ziwiri. Ndikwere mawa ndi katundu wanga yense, kapena ndithamange pompano ndi kachikwama ka m'manja kokha, masutikesi atsale.

Akamwini anga anali atafika, akupuma wefuwefu. Ndinawafunsa ngati ankalidziwa lamulo la ola limodzili. Anati inde, linalembedwa pa pepala la tikiti, m'munsi. Ine Baibulo la Chichewa ndimawerenga, koma tizilembo tachingerezi tonga nyerere ndi ta maso anga?

"Nanga osandiuza bwanji, akamwini?"

"Ndinawauza mayi a kunyumba kuti akuuzeni, bambo."

"Ndinakuuzani katatu, adadi!"

"Unati tiyeni. Sunati atseka!"

Zokangana zinalibe nthawi. Mawa kunalibe phindu kwa ine. Ndinagwada pansi pomwepo, pa simenti yonyezimira, azungu akundilambalala ndi tizikwama tawo ta mateyala, ndinatsegula sutikesi yaikulu. Zinthu zinalumpha ngati zinali ndi moyo. Mawigi pansi, makamisolo pansi, botolo la mafuta linagubuduka mpaka kumapazi kwa wapolisi uja, iye n'kulitola kundipatsa. Ine, bambo wa ana asanu ndi mmodzi, ndikufukula zovala zam'kati za akazi osawadziwa pamaso pa mkamwini wanga. Iwo anatembenuka kuyang'ana kukhoma.

Chithunzi ndinachipeza pansi penipeni, monga analonjezera mayi uja. Galasi linali litasweka zidutswazidutswa ndi maondo a anyamata aja, felemu itathyoka pakona. Chidendene cha nsapato ya gogoda chinali chitatsamira pomwepo. Mwana wanga anagwira pakamwa. Ndinachotsa magalasiwo ndi zala, ndinasolola pepala. Nkhope inali yosakandika. Koma m'kachikwama kanga simukanalowa, ndipo mayi wa pakauntala ankaloza wotchi. Ndinalipinda pakati, kamodzi, ndinalilowetsa m'kati mwa malaya pachifuwa. Anthu amati mukanalikulunga ngati mphasa. Amanena atakhala pampando. Suti inali mu sutikesi inayo, pansi pa malaputopu a eni. Inatsala.

Anthu osawadziwa a ku Lafayette Road ndinawatsazika ndi mawu onse. Mwana wanga wobereka ndekha ndinangomugwira phewa, iye akulira, atagwada kutolera mawigi. Akamwini ndinawakwezera dzanja ndili kutali. Pachipata anandivula nsapato ndi lamba, ndinadutsa nditagwira buluku ndi dzanja limodzi, linalo pachifuwa. Ndinalowa m'ndege womaliza. Nditakhala pansi ndinasuzumira pawindo, ndipo pansi apo anyamata a majekete owala anali akuponyabe zikwama m'mimba mwa ndege yomweyo, osafulumira, wina akuseka. Ndinatseka kawindoko.

Ndinafika ku Lilongwe Lachisanu masana, kumudzi dzuwa likulowa. Alamu anga, mng'ono wa malemu, atachiona chithunzicho anayesa kuchiwongola ndi simbi yozizira, anachigoneka pansi pa matiresi. M'mawa mzere unali pomwepo, woyera, wodutsa pakhosi pa mayi a ana anga kuchoka phewa ili kufika linalo.

Kumanda ndinapita ndi jekete imene ndinachoka nayo ku South Bend, ya masiku atatu m'thupi, ndi buluku lobwereka lofika m'akakolo. Anthu anali ambiri. Ankandiyang'ana, munthu wochokera ku Amereka, n'kumayang'anana. Tisanayambe, abusa akukonza mabuku awo, ndinamva wina akundikoka mkono. Mayi wachitsikana, magalasi akuda, atabwera pa galimoto kuchokera ku Lilongwe.

"Pepanitu agogo ndi zovutazi. Ine ndine wa saluni uja. Paja akuti mwanditengera kakatundu?"

Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Nsalu inali isanachotsedwe n'komwe pachiliza.

"Kakatundu kako kali ku Indianapolis, pansi, pafupi ndi kauntala. Ukafike nthawi yabwino. Usafulumire, usachedwe."

Alamu anga anamukokera kumbali.

Poyamba tinapangana kuti chithunzi anyamule mdzukulu wathu wamkulu. Koma pepala lopanda felemu silimaima, linkangogwa pa mzere paja, mutu wa malemu n'kuweramira kutsogolo, ndipo kunali mphepo. Ndinamulanda. Ndinaima ndekha kumutu kwa manda, ndinaligwira pamwamba ndi dzanja ili, pansi ndi dzanja ili, n'kulikoka kuti liwongoke. Likakokedwa chotero mzere uja sunkaoneka kwambiri kwa amene anali patali. Amayi a kutchalitchi anayamba nyimbo, ya ndime zisanu ndi imodzi, ndipo anaimba zonse. Abusa analalikira. Abale analankhula mmodzimmodzi. Mikono inayamba kunjenjemera, thukuta kulowa m'maso, mdzukulu n'kumanong'ona kuti agogo ndikulandireni. Ndinakana. Sindinatsitse mpaka nsalu itachotsedwa ndipo munthu womaliza atadutsa kuwaona.